Kalata yotseguka: geni yathu inalowa m'foni, nanga umboni wathu muulandira motani?

Kwa olemekezeka Jaji Wamkulu, a Nduna ya Zachilungamo, akuluakulu a Malawi Law Society, a MACRA, a Reserve Bank, ndi aphunzitsi a zamalamulo pa University of Malawi kuno ku Zomba.

Mabwana ndi madona anga,

Ine ndine wotayipa makalata. Ndili ndi kachipinda m'tauni muno momwe ndimatayipa, kufotokopa ndi kupulinta, ndipo pakhonde pake mphwanga ndi ejenti wa ndalama za pafoni. Sukulu ya malamulo sindinaiponde, koma mapepala a milandu adutsa m'manja mwangamu ochuluka: mapangano ogulitsana puloti, malumbiro, makalata olonjerera ngongole, ndi ntchito za ana a ku Chanco amene amabwera thukuta lili kamukamu tsiku lomaliza kupereka. Wotayipa amawerenga, afune asafune. Zimene ndikulemberani pano n'zimene ndaziona pa tebulo langa.

Kale munthu wofuna kukasuma ankabwera ndi pepala lopindapinda, lolembedwa ndi bolopeni, pansi pali siginecha ziwiri, chidindo cha chala ndi mayina a mboni. Lero amabwera ndi foni, n'kundipatsa: "Achimwene, ndipulintireni mameseji awa." Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba n'kutsatira mu 2013, kenaka WhatsApp inafika pa msika, ndipo kuyambira pamenepo kupikula, kunenerera, kukongoza ndi kulipira zonse zinasamukira m'foni. Wamatemba wa ku Kachulu amagwirizana mtengo ndi kasitomala wa ku Limbe osaonana nkhope. Wa hadiweya ku Chinamwali amaoda simenti ali pa shopu. Ngakhale banki m'khonde ya amayi a ku Matawale ili ndi gulu lake pa WhatsApp. Zapepukadi, sindikana. Vuto limadza tsiku limene anthu asemphana.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wa cha ku Jali, wogulitsa mpunga wa faya. Anapangana ndi bambo wina wa ku Blantyre za matumba angapo, mtengo anamvana, theka la ndalama linalowa pafoni, lotsalalo anati Lachisanu. Mpunga unakwera lole. Lachisanu litakwana bambo uja anatembenuka, akuti mtengo sunali umenewo, ndipo mameseji ake ena anawafufuta mbali zonse ziwiri. Mayiwa kulemba kumawavuta, choncho zonse ankachita kulankhula, foni n'kumajambula mawu, Chichewa chosakaniza ndi Chiyao. Anandipatsa foni kuti ndipulinte. Ndinawayang'ana, iwonso n'kundiyang'ana. Mawu a pakamwa ndingawapulinte bwanji?

Ndikudziwa kuti lamulo lilipo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limavomereza uthenga wa pafoni kapena pa kompyuta kukhala umboni, ndipo limazindikira siginecha ya pa makina. Ana a sukulu andipulintitsa ndime zimenezo mpaka ndatsala pang'ono kuziloweza. Koma mayi wa mpunga lamulo limeneli silinamufike. Pamene anayamba kukafunsa anamuuza kuti akapulinte. Pena anamuuza kuti mapepala opulinta alibe ntchito, abweretse foni yeniyeniyo. Wina anamunong'oneza kuti foni ikalowa ngati umboni imatsala komweko mpaka mlandu utatha. Apo m'pamene mayiwo anagwira pachifuwa, chifukwa foniyo ndiyo shopu yawo, buku la ngongole ndi banki yawo. Kuwalanda foni miyezi itatu n'chimodzimodzi kukhoma loko pa okala yawo. Amene aberedwa ndi iwowo, wotsekeredwa geni akhalenso iwo?

Pempho langa loyamba likupita kwa inu a Jaji Wamkulu, ndipo silofuna ndalama za mabungwe akunja. Tulutsani malangizo amodzi, oti majisitireti aliyense kuyambira ku Domasi mpaka ku Chitipa awatsate, onena mmene munthu angaperekere meseji, mawu ojambulidwa, chithunzi kapena uthenga wa ndalama ngati umboni. Pakhale kalaliki wophunzitsidwa woti atsegule foni pamaso pa mbali zonse ziwiri, akopere zofunikazo, alembe nambala, tsiku ndi nthawi, adinde chidindo, mwini wake atenge foni yake tsiku lomwelo. Womasulira wa khoti alembe mawuwo pa pepala monga amachitira ndi mboni yoimirira m'bokosi. Malangizowo amatidwe pa chitseko cha khoti m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, ndipo awerengedwe pa wailesi. Musati anthu wamba sangazimve. Mlandu wa chisankho cha 2019 tinaumvera pa wailesi miyezi yathunthu, akumasulira m'Chichewa, katswiri wa makompyuta akuonetsa majaji asanu mmene zotsatira zinkalowera m'makina, ndipo pofika pa 3 February 2020 ngakhale wakabaza ankatha kukufotokozera za tipeksi ndi mafomu. Anthu amamva, bola kuwalankhula m'chinenero chawo.

Palinso kanthu kamene amalonda sakudziwa, ndipo kadzawapweteka. Ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, mu 2023 khoti linagamula mlandu wa mlimi amene anatumiziridwa chithunzi cha pangano logulitsa mbewu pafoni, iye n'kuyankha ndi kachizindikiro kaja ka chala chachikulu choloza m'mwamba. Mbewu sanapereke. Iye anati kachalako kankangotanthauza kuti uthenga wafika. Jaji anayang'ana mmene awiriwo ankachitira malonda m'mbuyomo n'kunena kuti kumeneko kunali kuvomera, ndipo mlimiyo analamulidwa kulipira madola a ku Canada oposa 82,000. Kuno kachala kameneko timakatumiza tsiku lonse, pa maliro, pa mpira, pa ngongole. A Law Society, kodi sizoyenera kuti maloya anu apite pa wailesi kukauza anthu kuti "chabwino" wa pa WhatsApp angathe kumumanga munthu ngati siginecha? Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kutsina kumeneku sikungakutayitseni makasitomala.

Tsopano ndinene za pakhonde panga, pamene mphwanga amakhala ndi kabuku ndi mafoni awiri. Ejenti amakangana ndi anthu sabata iliyonse. Wina amaonetsa meseji yoti ndalama yatumizidwa, chonsecho meseji anailemba yekha. Wina amabwera ndi chithunzi cha lisiti ya banki chokonzedwa bwino lomwe, zilembo zake zofanana ndendende, ndipo mwana wa Fomu 2 wodziwa foni angachipange pa mphindi zochepa. Tsono chithunzi pachokha si umboni wokwanira. Choona chili m'makompyuta a kampani ya foni kapena banki, ndipo kuti munthu wamba achipeze ayenera kudutsa kupolisi, kukhoti kukatenga kalata, kenaka kudikira yankho lochokera ku likulu la kampaniyo. Pa mlandu wa K80,000, thiransipoti yokha imadya theka, munthu n'kungoti basi, Mulungu ndiye adziwa. Akuba amawerengera kutopa kumeneku. A Reserve Bank, lamulo la Payment Systems la 2016 linakupatsani mphamvu pa makampani amenewa. Ikani masiku owerengeka oti kampani ikhale itayankha kalata ya khoti, ndipo mwini nambala azitha kutenga mndandanda wodindidwa wa ndalama zake pa ofesi ya m'boma lake lomwelo, khoti n'kuulandira popanda kuitanitsa bwana wa ku Blantyre kudzalumbira.

Komabe ndikuchenjezeni mbali inayo, pakuti imandidetsa nkhawa kwambiri. Musafike poti chilichonse chimene kompyuta ya kampani yanena ndiye choona. Ku Britain, pakati pa 1999 ndi 2015, anthu oposa 900 oyendetsa timapositi ofesi anaimbidwa milandu yakuba ndi yachinyengo chifukwa pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu, inkaonetsa kuti ndalama zaperewera. Ena anamangidwa, ena anagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zimene sanabe, ena anamwalira dzina lawo lisanayeretsedwe. Makhoti ankangotenga kuti makina salakwa. Mu 2019 khoti lalikulu linapeza kuti pulogalamuyo inali ndi zolakwika, ndipo zinatengera nyumba ya malamulo mu 2024 kuti ifafanize zigamulozo. Anthu amenewo ntchito yawo inali ngati ya mphwangayu: kuima pakati pa kasitomala ndi makina a kampani yaikulu. Tsiku limene fuloti idzasemphana ndi kabuku kake, kampani n'kubwera ndi pepala lochokera m'kompyuta, ndani adzafunse ngati kompyutayo inali bwino? Loya wake adzakhala ndi ufulu woona mkati mwake? Ifenso tili ndi phunziro lathu. Pa Cashgate mu 2013 mabiliyoni anatuluka kudzera m'makina a boma a IFMIS, anthu akulowetsa malipiro abodza n'kufufuta mapazi awo. Makina amanena zimene munthu wawauza, ndipo majisitireti wosaphunzitsidwa kufunsa mafunso amenewa adzamanga osalakwa ali ndi mtima woyera.

Za akuba a pafoni sinditaya nthawi, mukuzidziwa. Tinaima pa mizere mu 2017 kulembetsa ziphaso za unzika, mu 2018 tinaimanso kulembetsa masimu, tikuuzidwa kuti wakuba azidziwika. Mpaka lero meseji ya "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" ikubwerabe, ndipo nyuzipepala zalemba kangapo kuti ambiri mwa mauthengawa amachokera m'ndende, yathu ya Zomba ikutchulidwa kawirikawiri. Chimene anthu pa msika amaona n'chakuti lamulo lomwe lija la 2016 limathamanga munthu akanyoza wamkulu pa Facebook, koma limayenda ngati birimankhwe mayi wa tomato akaberedwa mpamba wake. Mwina ziwerengero zanu zikunena zina. Ine ndikungokuuzani zimene zikukambidwa pansi pano.

Nkhani ina ikundikhudza ine mwini, ndipo ndiulula ngakhale indichotsere makasitomala. Kompyuta yanga yakale ija ili ndi zinsinsi za theka la tauni ino. Pulinta ya ku ofesi ya loya ikafa, kapena magetsi akazima mbali yawo, kalaliki amanditumizira mapepala pa WhatsApp kuti ndipulinte: za kutha kwa banja, za chuma cha masiye, malipoti a kuchipatala, mayina a ana. Ndimafufuta ndikakumbuka. Ziphaso za unzika ndimafotokopa tsiku lililonse, pakuti ofesi iliyonse imafuna kope, ndipo ndinaonapo kope la chiphaso cha munthu litakulunga zitumbuwa ku depoti. Wakuba akatola pepala limenelo ali ndi dzina, nambala, tsiku lobadwa ndi nkhope. Mu 2024 munakhazikitsa lamulo la Data Protection, ndipo a MACRA ndinu oliyang'anira. Palibe amene wafika kwa ife otayipa, kwa maejenti, kwa a sukulu zapulaiveti kapena a timagulu tokongoza ndalama kudzatiuza kuti tizisunga chiyani, mpaka liti, n'kuwononga motani. Misonkhano ya m'mahotela a kunyanja simafika kuno. Tsamba limodzi la Chichewa lingatikwanire. Ndipo inu a Law Society, uzani mamembala anu poyera kuti chinsinsi cha kasitomala chimatha pamene fayilo yalowa m'foni ya munthu ngati ine.

Ndifike pa AI, mapulogalamu a kompyuta oyankha ndi kulemba ngati munthu, imene aliyense akuitchula. Ndimaigwiritsa ntchito, ndisaname. Imandikonzera Chingerezi cha makalata ofunsira ntchito, ndipo zimene zinkanditengera ola limodzi ndimatha pa mphindi khumi. Koma taonani zimene zayamba kubwera pa tebulo langa. Mnyamata wina anabwera ndi pangano logulitsa malo a ku Thondwe, masamba asanu ndi limodzi, Chingerezi chosalala ngati cha jaji, akuti AI yotchedwa ChatGPT yamulembera ulere. Nditawerenga ndinapeza kuti likutchula malamulo a ku America. Za mfumu munalibe, za eni mbumba munalibe, za lamulo lathu la malo a makolo la 2016 munalibe. Amalume ake atamva kuti malo agulitsidwa, pepala lokongolalo silikanamuthandiza kanthu. Mnyamatayo sindimuda. Loya ndi wodula, ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo a Legal Aid Bureau ndi maparaligo (othandiza anthu pa zamalamulo koma osakhala maloya) a bungwe la PASI ntchito inawachulukira kale. Munthu amagwira chimene chili pafupi.

Maloya enieninso agwamo m'dzenje lomweli. Ku New York mu 2023, pa mlandu wa munthu wina ndi kampani ya ndege ya Avianca, maloya anapereka kukhoti milandu isanu ndi umodzi yakale yoti iwathandize, yokhala ndi mayina, manambala ndi mawu a majaji. Yonse inali yopeka, ChatGPT inangoilenga. Jaji anawalipitsa madola 5,000. Mu January 2025 zinachitikanso pafupi, ku khoti lalikulu la ku Pietermaritzburg m'dziko la South Africa, kumene milandu yambiri imene maloya anatchula inasowa ataifufuza, ndipo jaji anawapereka ku bungwe loona za khalidwe la maloya. Chaona mnzako chapita. Kuno ngozi yake ndi yaikulu kuposa kumeneko, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Makinawa amaphunzira pa zolembedwa zimene zili pa intaneti. Zigamulo za ku England ndi ku America zilipo mamiliyoni, zathu n'zochepa. Ukawafunsa za lamulo la Malawi, pamene sakudziwa sanena kuti sindikudziwa, amangosoka nsalu ya ku England n'kuipatsa dzina la Chimalawi. Jaji wa khoti lalikulu mwina angazindikire. Nanga majisitireti wa kumudzi, wopanda laibulale, wogula bandulo ndi ndalama ya m'thumba mwake, loya wovala suti akamuwerengera mlandu wa Banda ndi Phiri umene sunachitikepo, adzautsimikiza kuti?

Kuletsa AI sikungatheke, ana a ku Chanco ali nayo kale m'matumba. Chofunika n'chakuti loya aliyense wotchula mlandu wakale apereke kope lake lenileni, ndipo asainire kuti wauwerenga ndi maso ake. Wonamiza khoti alangidwe, kaya bodzalo analipeka yekha kaya anamupekera makina. Aphunzitsi a zamalamulo, phunzitsani anawa kuikayikira monga mmene mumawaphunzitsira kupanikiza mboni ndi mafunso. Koma mankhwala enieni ndi kuika malamulo athu ndi zigamulo zathu poyera. MalawiLII, tsamba la pa intaneti loikapo malamulo ndi zigamulo zathu, ikuyesetsa, ndipo ophunzira amaidalira kwambiri, koma chigamulo chilichonse cha khoti lalikulu chiyenera kufikako sabata yomwe chaperekedwa, ndi malamulo onse monga asinthidwira, aulere. Zimandimvetsa chisoni kuti ndikulemba izi ndili ku Zomba. Boma linasamukira ku Lilongwe mu 1975, nyumba ya malamulo inatsala kuno mpaka 1994, koma nyumba yosunga mbiri ya dziko ya National Archives ili konkuno, sukulu ya maloya ili konkuno. Mapepala ali m'mashelefu, ophunzira ofuna ganyu ya tchuthi ali kutsidya kwa msewu, makina ojambulira mapepala ngakhale ine ndili nawo. Chikusowa n'chiyani?

Pa e-Court, njira yozengera milandu kudzera pa intaneti, imene munakhazikitsa mu 2024 mothandizidwa ndi UNDP, ndikuyamikani. Aliyense wokhala ku Zomba anaonapo abale a anthu a pa limandi atakhala panja pa khoti tsiku lonse, n'kuuzidwa madzulo kuti galimoto yobweretsa akaidi inalibe mafuta. Ngati munthu angapemphe belo kudzera pa kanema ali kundende konko, ndi chinthu chabwino. Ndingofunsa zing'onozing'ono zimene zimagwetsa zinthu zazikulu. Netiweki ikaduka pakati pa umboni, mlandu uimitsidwa mpaka liti? Woimbidwa mlandu akafuna kunong'onezana ndi loya wake, msilikali wa ndende ali pambali pake, alankhula bwanji? Mboni ya pa chilumba cha Chisi kapena ya ku Chingale, yokhala ndi kafoni ka mabatani, mwaiganizira? Ku Kenya anayamba kulandira mapepala a milandu pa intaneti ku Nairobi mu 2020, ndipo tsiku lina nanunso mudzafika pamenepo. Zidzathandiza, pakuti fayilo ya pa kompyuta simasowa pansi pa tebulo la munthu ngati ya pepala. Koma zenera la mapepala musadzalitseke, ndipo pakhale kope lachiwiri losungidwa kwina. Kumayambiriro kwa 2024 dziko lonse linakhala masabata angapo osasindikiza mapasipoti makina ake atalowereredwa. Pasipoti munthu angadikire. Wa m'chitokosi amene fayilo yake yatsekeredwa m'makina akugona pa simenti usiku uliwonse umene mukukonza.

Mudzati ndalama palibe. Zina mwa zimene ndapemphazi n'zofunadi ndalama, koma malangizo a umboni wa pafoni, tsamba la Chichewa la otayipa ndi maejenti, ndi lamulo loti loya asainire milandu imene watchula, zimenezi zikufuna cholembera ndi msonkhano umodzi. A MRA anatha kufikitsa makina a malisiti m'mashopu kuyambira 2014, ndipo lero msonkho tikulipira pa Msonkho Online. Boma likafuna kutolera, njira ya makono imapezeka msanga ndipo imafika mpaka ku Songani. Ifikenso chimodzimodzi pamene wamalonda akufuna kubwezeredwa chake.

Mayi wa mpunga uja foni yawo ili ndi galasi losweka, batire imatha pa maola awiri, ndipo amaimanga pa nsonga ya chitenje kuopa kuti ingagwe mlandu usanalowe. Mawu aja ndinawakopera pa fulashi, ndipo mwana wina wa chaka chachitatu ku Chanco anawalemba pa pepala mawu ndi mawu, Chiyao chomwe, osalipiritsa. Fulashiyo ili m'dirowa yanga pamodzi ndi masamba anayi. Abweranso Lolemba akamachokera ku msika, ndipo adzandifunsa kuti zinthuzi akapereke kwa ndani, komanso ngati foni akabwerera nayo kunyumba. Ndikupempha yankho loti ndikawauze.

Ine wanu,
Wotayipa makalata,
Zomba.